Uzikonda kapena udzikonda, mnansi kapena neba?

Mafunso a ulendo uno achokera kwa awerengi a m'mipingo yosiyanasiyana muno mu Mzuzu, ndipo onse agwera pa lamulo limodzi, lija la kukonda mnzako. Ndawaika pamodzi chifukwa yankho la lina likutsamira pa linzake. Aatali ndawafupikitsa.

Mayi wina wa ku Chibavi, amene amaphunzitsa Sande sukulu, akufunsa kuti: "Pa bolodi ndimalembera ana kuti 'Udzikonda mnzako'. Mayi amene ndimaphunzitsa nawo akuti ndizilemba 'Uzikonda mnzako'. Zikusiyana pati?"

Zikusiyana kwambiri mayi, ndipo anzanuwo akunena zoona. Mphatikiri -zi- amasonyeza kuti chinthu chiyenera kuchitika, ndiponso kuti chizichitika nthawi zonse: uzisamba m'manja usanadye, muzifika msanga, ana azilemekeza akulu. Mphatikiri -dzi- ali ndi ntchito ina. Iye amabweza ntchito kwa mwini wake woichitayo: wadzicheka ndi mpeni, akudziyang'ana pagalasi, musadzipweteke. Mukakayika, onjezani mawu oti wekha kapena yekha. Akakhala bwino, ndiye kuti pakufunika -dzi-. Awiriwa amathanso kukumana m'mneni mmodzi, -zi- patsogolo, -dzi- pambuyo pake, monga tikati uzidzisamalira.

Lamulo mukuphunzitsalo lili ndi onse awiri. Buku Lopatulika, lija linatuluka lathunthu mu 1922, pa Mateyu 22:39 likuti "Uzikonda mnzako monga udzikonda iwe mwini." Poyamba pali -zi- wa lamulo, kenako -dzi- wobwerera kwa mwini. Mukalemba kuti "udzikonda mnzako" mwapatsa mneni mmodzi anthu awiri olimbirana chikondi chomwecho, iwe mwini ndi mnzako, ndipo chiganizo chathyoka. N'zoona kuti polankhula ambiri amati "ndidzipita", "tidzipemphera", ndipo pa mauthenga a pafoni zafala zedi. Pakamwa timamvana. Koma zolembedwa pa bolodi ana amakopera m'makope ndi kukula nazo, choncho pamenepo muzisamala.

Mnyamata wina wophunzira ku Mzuni, yunivesite ya Mzuzu, wagwira pa mawu omwewa: "Kwathu munthu wodzikonda ndi woipa, womana, wosalabadira anzake. Nanga bwanji Baibulo likuti monga udzikonda iwe mwini? Kodi likuloleza kudzikonda?"

Achimwene, khutu lanu lamva bwino. M'Chichewa cha tsiku ndi tsiku mawu oti wodzikonda ndi chidzudzulo. Amanena munthu amene amayamba iye pa chilichonse, ndiwo zikachepa n'kudzipakulira yekha. Koma lamuloli silikulamula kudzikonda. Mneni wolamula ndi mmodzi yekha, uzikonda. Mbali yachiwiriyo ndi muyeso. Ikutenga chinthu chimene aliyense amachita mosauzidwa, kudzifunira chakudya, kudzifunditsa kukazizira, kudzipezera zifukwa akalakwa, n'kunena kuti muyeso womwewo umuyesere mnzako. N'chifukwa chake omasulira a masiku ano amakonda kunena kuti "monga momwe umadzikondera iwe mwini". Mawu oti momwe amakoka -er- pa mneni, monga tikati momwe umayendera, momwe umadyera, ndipo zikatero khutu silimvanso fungo la umbombo.

Chenjerani ndi -er- ameneyu akakhala popanda momwe kapena mmene, chifukwa kukondera ndi nkhani ina. Kukondera ndi kupendekera mbali imodzi, kuchita tsankho. Chochititsa chidwi n'chakuti Malemba anaika ziwirizi moyandikana. Lamulo la kukonda mnzako linayamba kulembedwa pa Levitiko 19:18, kumene Yesu analitenga, ndipo ndime zitatu zokha m'mbuyo mwake, pa 19:15, pali chiletso cha kukondera poweruza mlandu, kaya wosauka kaya wolemera. Yakobo 2:8 amalitcha lamulo lachifumu, ndipo ndime yotsatirayo akuti wochita tsankho wachimwa. Ndiye "amakonda abale ake" ndi chiyamikiro, pamene "amakondera abale ake" ndi dandaulo lija timalimva anthu akamakamba za kulemba ntchito.

Aphunzitsi a Chiyuda anali nayo njira yawo yofotokozera muyesowu mosasokoneza. Talmud, mabuku a ziphunzitso zawo zakale, imasimba za munthu wa mtundu wina amene anapempha kuti aphunzitsidwe Torah yonse, ndiye kuti chilamulo cha Mose, ataima ndi mwendo umodzi. Mphunzitsi wina, Shammai, anamuthamangitsa. Mphunzitsi mnzake Hillel, amene anakhala ndi moyo cha m'nthawi imene Yesu anabadwa, anamuyankha kuti chimene iwe umadana nacho usamchitire mnzako, Torah yonse ndi imeneyo, zotsalazo ndi ndemanga, pita ukaphunzire. Yesu pa Mateyu 7:12 ananena zofanana, koma molamula zoti uchite.

Bambo wina amene amalemba zidziwitso za mpingo ku Luwinga akufunsa mwachidule: "M'bale kapena mbale?"

Ngati mukunena munthu, lembani m'bale, ndi nkhodolero, kachizindikiro kapamwamba kaja. Mbale ndi yodyeramo nsima. Tchulani pang'onopang'ono mumve: m'bale ali ndi maphatikizo atatu, m-ba-le, pamene mbale ili ndi awiri, mba-le. Pochulukitsa zimaonekeranso: m'bale uyu, abale awa, mbale iyi, mbale izi. M'busa amalembedwanso chimodzimodzi. Pa mnzanga, mnansi ndi mlongo musaikepo nkhodolero. Kulemba mzanga kapena nzanga kwafala, koma kalembedwe kovomerezeka ndi mnzanga, ndipo ambiri ndi anzanga.

Mayi wina wa ku Chiputula, amene amapatsidwa mpata wolalikira, akuti: "Amuna akaima kutsogolo amati abale ndi alongo. Ine monga mayi ndinenenso choncho? Paja mlongo wanga ine ndi mwamuna."

Mwakumbukira chinthu chimene achinyamata ambiri a m'tauni akuiwala. Pa Chichewa mlongo ndi wobadwa naye amene mwasiyana naye, iye mwamuna inu mkazi, kapena iye mkazi inu mwamuna. Mwamuna amati mlongo wanga kunena mkazi, mkazi amati mlongo wanga kunena mwamuna. Ofanana amaitanana potengera kubadwa: mkulu wanga, mng'ono wanga kapena mphwanga. Motero inu mukati abale ndi alongo simunalakwe. Mwatchula onse ndithu, kungoti alongo anu ndi abambowo. M'mipingo mawu oti mlongo azolowereka kutanthauza mkazi wa mumpingo, kaya wonenayo ndani, ndipo chizolowezi chimenecho chakhazikika moti sindingakuuzeni kuti mulimbane nacho. Mukafuna mawu amodzi osasiya munthu kunja, abale okha akukwana, chifukwa m'bale sasankha mwamuna kapena mkazi. Achimwene ndi achemwali ndi mawu abwinonso, koma amamveka a kunyumba ndi a pamsewu kusiyana ndi a pa guwa.

Ndionjezepo za mphwanga, popeza tili kumpoto. Pa Chitumbuka muphwa ndi mwana wa mlongo wako, uja amakuitana kuti sibweni, pamene mng'ono ndi munung'una. Choncho wolankhula Chichewa akati mphwanga kunena mng'ono wake, womvera wa ku Rumphi kapena ku Mzimba akhoza kumva za munthu wina. Polalikira muno, mng'ono wanga ndi mawu osasokoneza.

Kusiyanitsa mkulu ndi mng'ono kumeneku kuli ndi phindu lake powerenga Malemba. Chihebri chili ndi liwu limodzi, ach, la m'bale wamwamuna aliyense, ndipo limatambasuka mpaka kwa achibale ena. Pa Genesis 13:8 Abrahamu akuuza Loti kuti asakangane popeza ndi abale, chonsecho Loti anali mwana wa m'bale wake Harani. Kwa ife sizodabwitsa. Koma pa Genesis 4:9, pamene Kaini akufunsidwa za Abele, Chichewa chimatha kuulula chimene liwu limodzi lija silitchula. Abele anali wamng'ono. Kaini akati kodi ine ndine woyang'anira mng'ono wanga, aliyense amene anakula akubereka mng'ono wake kumbuyo amayi ali kumunda amadziwa yankho asanamve chilango.

Funso lalikulu lachokera kwa bambo wina, mkulu wa mpingo ku Zolozolo: "Mlaliki wachinyamata anatiuza kuti konda neba wako. Ine ndinakula ndikumva kuti mnansi wako, pena mnzako. Mawu oyenera ndi ati? Ndipo mnansi kwenikweni ndani?"

Bambo, funso lanu lomalizalo ndi lomwe katswiri wa malamulo anafunsa Yesu pa Luka 10:29, ndiye muli pa mzere wakale. Tiyambe ndi neba. Ndi mawu obwereka amene akhazikika, ndipo sindiwanyoza. Timati aneba, maneba, ndipo aliyense amadziwa kuti ndi munthu woyandikana naye nyumba, uja timabwerekako moto kapena mchere, uja timatunga naye pa mpopi umodzi. Pa Chitumbuka ndiye muzengezgani. Vuto lake pa lamuloli ndi kuchepa. Neba amathera pa mpanda. Wokhala ku Zolozolo sangatche neba munthu wa ku Mchengautuba, nanji amene wangokumana naye m'minibasi. Mlalikiyo mwina anali ndi Baibulo la Chingerezi m'mutu, n'kutengamo liwu lofanana kamvekedwe, osazindikira kuti pobwera m'Chichewa liwulo linafika ndi tanthauzo limodzi lokha.

Mnansi ndi mawu akale ndi aulemu. Timawamva kawirikawiri ali pambali pa abale, monga pa zidziwitso za maliro ndi za ukwati: abale ndi anansi. Mnansi ndi munthu amene muli naye chinansi, wachibale wapatali kapena amene mwakhala naye pafupi mpaka mwasanduka ngati amodzi. Ndi otambasuka kuposa neba, komabe amafuna kuti pakhale kudziwana. Komanso ana ambiri a m'tauni sawagwiritsanso ntchito kunja kwa tchalitchi.

Ine ndimaima pa mnzako, ndipo ndifotokoze chifukwa chake. Liwuli siliima lokha. Palibe munthu amene ndi "mnza" chabe. Ayenera kukhala mnzanga, mnzako, mnzake, mnzathu, mnzanu kapena mnzawo. Ndipo tanthauzo lake lenileni si bwenzi ayi. Timati mphunzitsi mnzanga ngakhale sitimwera limodzi tiyi. Timati wodwala mnzake, wapaulendo mnzake, ngakhale mkazi mnzake pa mitala, pamene chikondi chimakhala chosowa. Limagwiranso pa zinthu: dzanja linzake, nsapato inzake, tsidya linzake. Mnzako ndi amene ali chimene iwe uli. Ukafunsa kuti mnzako pa chiyani, lamulo silinaike malire, ndiye chotsala ndi chija timanena tikaona nkhanza: ungamutero munthu mnzako? Mwambi uja woti mnzako akapsa ndevu m'zimire sufunsa ngati mumagwirizana.

Liwu la Chihebri pa Levitiko 19:18 ndi rea, ndipo limayenda mofanana kwambiri ndi mnzako. Pa Genesis 11:3 omanga nsanja ya Babele akulankhulana wina ndi rea wake, wina ndi mnzake. Pa Genesis 15:10 Abrahamu akudula nyama pakati n'kuika bandu lililonse moyang'anana ndi rea wake, ndiko kuti linzake. Pa Eksodo 11:2 Aisraeli akuuzidwa kupempha siliva ndi golide aliyense kwa rea wake, ndipo anthu akunenedwawo ndi Aejipito. Chipangano Chatsopano, chimene chinalembedwa m'Chigiriki, chili ndi plesion, kutanthauza wapafupi. Buku Lopatulika linagwiritsa ntchito mawu onse awiri, mnzako pa Mateyu 22:39 ndi mnansi pa funso la pa Luka lija, n'chifukwa chake munakula mukumva onse.

Onani tsopano zimene Yesu anachita ndi funsolo: anayankha ndi fanizo. Munthu akutsika kuchoka ku Yerusalemu kupita ku Yeriko, ulendo wa makilomita pafupifupi 27 wotsetsereka mamita pafupifupi 1,000, kutsika koposa kwa msewu wochoka muno kupita ku Nkhata Bay. Achifwamba amuvula, amumenya, amusiya ali thapsa. Nkhaniyo sitchula mtundu wake. Wansembe ndi Mlevi alambalala. Amene waima ndi Msamariya, wa anthu amene ankapembedza pa phiri la Gerizimu m'malo mwa ku Yerusalemu, amene kachisi wawo anagwetsedwa ndi mtsogoleri wa Ayuda John Hyrcanus zaka zoposa 100 Yesu asanabadwe. Udani wa Ayuda ndi Asamariya unali wa mibadwo. Msamariyayo akutsuka mabala ndi mafuta ndi vinyo, akumukweza pa chiweto chake, akusiya madinari awiri kwa mwini nyumba ya alendo, malipiro a masiku awiri a waganyu malinga ndi Mateyu 20:2. Pomaliza, pa ndime 36, Yesu akutembenuza funso. Katswiri uja anafunsa kuti mnansi wanga ndani. Yesu akufunsa kuti mwa atatuwa ndani anakhala mnansi wa wovulalayo. Yesani kuikapo neba pamenepo muone. Msamariya sanasamuke kukamanga nyumba pafupi ndi munthuyo. Pa ndime imeneyi mnansi akukhala bwino kwambiri, chifukwa chinansi chimatha kuyambika pamene panalibe. Pa lamulo lenilenilo, mnzako ndiye woyenera. Mlaliki wanuyo mumulangize mofatsa, cholinga chake chinali chabwino.

Mtsikana wina wa ku Katoto watumiza funso limene lili pakati pa chiyankhulo ndi chiphunzitso: "Ndinamva pa ulaliki kuti kwa Ayuda mnzako ankatanthauza Myuda mnzake basi, ndipo ankalamulidwa kudana ndi adani. Ndiye tikamawerenga Levitiko tizimva kuti wa mtundu wako?"

Achemwali, apa pafunika chilungamo, chifukwa mawu otere akanenedwa mosasamala amabzala chidani pa anthu amene anatipatsa lamulo lomweli. N'zoona kuti Levitiko 19:17 ndi 18 akutchula m'bale wako ndi ana a anthu a mtundu wako, motero oyamba kuganiziridwa ndi Aisraeli okhaokha. Koma pitirizani kuwerenga mutu womwewo. Ndime 34 ikuti mlendo wokhala pakati panu akhale ngati mbadwa, ndipo umukonde monga iwe mwini, pakuti inunso munali alendo m'dziko la Ejipito. Muyeso ndi womwewo, mawu ndi omwewo. Za kudana ndi mdani, Mateyu 5:43 akutchula zimene anthu anamva zikunenedwa, koma m'mabuku asanu a Mose mulibe lamulo lolembedwa loti uzidana ndi mdani wako. Chimene chilimo ndi Eksodo 23:4 ndi 5: ukapeza ng'ombe kapena bulu wa mdani wako atasochera umubwezere, ndipo bulu wa munthu wodana nawe akagwa ndi katundu uthandize. Miyambo 25:21 ikuti mdani wako akamva njala umpatse chakudya, mawu amene Paulo anawabwereza pa Aroma 12:20.

Aphunzitsi a Chiyuda anakambirana okha za kukula kwa lamuloli. Rabbi Akiva, amene anaphedwa ndi Aroma cha m'ma 135, anati kukonda mnzako monga iwe mwini ndi mfundo yaikulu ya Torah. Ben Azzai, wa m'nthawi yomweyo, anati pali ina yoposa, ya pa Genesis 5:1, yonena za mibadwo ya Adamu amene analengedwa m'chifanizo cha Mulungu, kusonyeza kuti anthu onse ndi a tsinde limodzi. Talmud imalamulanso kuthandiza osauka a mitundu ina pamodzi ndi osauka a Israeli, kuzonda odwala awo ndi kuika maliro awo, chifukwa cha njira za mtendere. Ndiye powerenga musachotse mnzako n'kuikapo wa mtundu wako.

Mbali ya chiyankhulo ili pa liwu loti mlendo. Chihebri pa ndime 34 chili ndi ger, munthu wochokera kwina amene wakhazikika pakati pa eni dziko, alibe munda wa makolo, alibe achibale omuimira pa mlandu. Mlendo wa Chichewa nthawi zambiri ndi wodzacheza, uja timati mlendo ndi mame, timamuphera nkhuku podziwa kuti mawa apita. Kumukonda ameneyo n'kosavuta. Ger sapita. Liwu lathu lomuyandikira kwambiri ndi wobwera, ndipo mukudziwa mmene liwuli limatulukira pakamwa pakabuka mkangano wa malo, wa ufumu kapena wa mpando mumpingo: amenewa ndi obwera. Limandiwawa ndikalimva muno mu Mzuzu, mzinda umene unayamba m'ma 1940 ndi anthu odzagwira ntchito m'minda ya tung, mitengo ya mafuta, n'kudzalandira ulemu wa mzinda mu 1985. Pa kalembera wa 2018 unali ndi anthu oposa 220,000, Atumbuka, Atonga, Angoni, Ankhonde, Alambya, Achewa, Ayao, Alomwe ndi ochokera kunja kwa dziko, ndipo ochuluka mwa iwo akafunsidwa kwawo amatchula boma lina. Mukamaphunzitsa ndime 34, werengani mlendo monga zalembedwera, kenako fotokozani kuti akunenedwayo ndi wobwera amene wakhazikika, wochita lendi kuseri kwa nyumba yanu, wogulitsa pa benchi yoyandikana ndi yanu mumsika.

Lomaliza ndi la amayi a bungwe lina la mpingo ku Masasa amene akufuna kudinda mawu pa nsalu yawo. Akufunsa ngati alembe "chikondi cha abale", "chikondi cha pa abale" kapena "ubale".

Chikondi cha abale chimamveka pawiri: chimene abale ali nacho, kapena chimene wina ali nacho pa iwo. Mukaikapo pa, mwaloza kumene chikondicho chikupita, ndipo ndi mmene Buku Lopatulika linamasulira liwu la Chigiriki loti philadelphia pa Ahebri 13:1. Ubale ndi mgwirizano umene anthu amapanga ndi kuusunga, monga ubale wa mipingo iwiri kapena wa mayiko awiri, pamene chibale chimapendekera ku magazi, chija timati ndi fupa sichiwola. Ngati mukufuna kuti chikondicho chizipita uku ndi uku, Chichewa chili kale ndi msintho wochitirana, -an-, umene uli pa Yohane 13:34, ndipo liwu limodzi loti "Tizikondana" likwana pa nsalu. Wodindayo mumuuze kuti ndi -zi-, asaikepo d.